Filimu si ukwati woti uchitike tsiku limodzi

Nthawi ndi nthawi malo a zaluso a mu Blantyre ndi mu Lilongwe amalengeza kuti kukubwera mafilimu. Chithunzi chokongola chimayamba kuzungulira pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp: Lachinayi filimu ya ku France, Lachisanu ya ku Germany, mwina penapake pakati n'kutsekerapo ya kwathu kuno imodzi. Nthawi yoyambira ndi 6 kapena 7 koloko madzulo. Kawirikawiri kulowa n'kwaulere, ndipo pamene pali kulipira, mtengo wake si woti munthu wapantchito n'kudandaula nawo. Koma tsikulo likafika mipando yambiri imangokhala pululu. Obwera ndi nkhope zomwezomwezo: azungu angapo a m'mabungwe, ophunzira a kukoleji awiri atatu, ndi opanga mafilimu eniake amene abwera kudzapatsana moni. Pomaliza, okonza mwambo akamasonkhanitsa mipando, mumamva wina akuti, "Vuto Amalawife sitikonda kanema."

Limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza loipa chifukwa limapatsa okonza ndandanda pobisala kuti asasinthe kanthu. Wonena zimenezi akwere minibasi ya ku Ndirande kapena ya ku Bangwe, kapena ngati ali ku Lilongwe atsike pa Chinsapo kapena ku Mtandire, ayende mumsika Loweruka masana. Vidiyo sho adzayamba waimva asanaione, chifukwa sipika amaiika panja dala kuti iziitana anthu: zibakera, mfuti, kenako mawu a DJ akumasulira m'Chichewa zimene Mtchaina kapena Mmwenye wa m'filimuyo akunena. Pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko, filimu yakuti nthawi yakuti, mpira wa ku England nthawi yakuti. Pali chinsalu chakuda chotchinga kuwala, ndi mnyamata amene wapinda ndalama zamapepala n'kuzilowetsa m'mipata ya zala. M'katimo muli mabenchi, kutentha kwa malata, fungo la thukuta, ndi anthu othithikana amene atulutsa ndalama m'thumba mwawo kuti aone kanema. Ana opanda ndalama amasuzumira pamng'alu wa matabwa mpaka wina awakuwize. Mafoni achepetsako anthu m'mavidiyo sho, zimenezo n'zoona, koma anthuwo sanasiye kuonera. Angosamukira kwa wobena, amene amakuikirani mulu wa mafilimu pa memori khadi musanamalize n'komwe tchipisi chanu cha pachiwaya.

Njala ya kanemayi si yalero. Dziko lino linakhala lopanda wailesi yakanema mpaka mu 1999. Akuluakulu a mu Blantyre amakumbukirabe holo ya kanema ya Apollo, ndipo a kumudzi amakumbukira galimoto za boma zimene zinkafika pabwalo la sukulu, kukoleka chinsalu, kuliza jenereta, mudzi wonse n'kukhala pafumbi kuonera za kalimidwe ka chimanga ndi maulendo a Ngwazi. Mafilimu akewo sanali okoma kwenikweni, koma panyumba pankatsala odwala okha. M'tauni munali lumo la Censorship Board, imene inabwera ndi lamulo la mu 1968, lodula paliponse pamene anthu apsompsonana. Filimu inkadumphadumpha, anthu n'kumapitabe.

Oonera alipo, ndipo ndi ambiri. Chofunika kufunsa n'chakuti zimatheka bwanji kuti anthu amadzaza chisakasa cha malata cholipiritsa, koma osafika kuholo ya pulojekita yabwino, mipando yawofuwofu, kulowa ulere.

Tiyambe ndi wotchi. Filimu ikayamba 7 koloko imatha cha m'ma 9. Nthawi imeneyo maminibasi asowa pamsewu, ndipo imodzi yotsalayo kondakitala wakweza mtengo chifukwa akudziwa kuti mulibe kolowera. Wokhala ku Machinjiri kapena ku Area 25 ayambe kuganiza za kabaza wa njinga yamoto mumdima, kapena takisi imene mtengo wake ukuposa ndiwo za masiku angapo. Akakhala mtsikana ndiye nkhani yatha kale, kunyumba samulola, ndipo makolowo sakulakwa. Ndiye kuti ulere uja ndi wa okhawo amene ali ndi galimoto. Wokonza ndandanda akangolemba 7 koloko wasankhiratu anthu ake, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Anzathu a zisudzo anazitulukira kalekale zimenezi. Pamalo amene lero tikuti Blantyre Cultural Centre, nthawi imeneyo akutchedwa French Cultural Centre, a Kwathu Drama Group ankadzaza bwalo Lamulungu masana, anthu atachoka kutchalitchi n'kudya nsima. Sewero la m'Chichewa, Izeki ndi Jakobo akuthyola anthu nthiti, zonse n'kutha kusanade, aliyense n'kukapeza minibasi pa Chichiri. Wakhumbata, gulu la zisudzo la malemu Du Chisiza Jr., masewero ake ambiri anali a m'Chingerezi, koma nayonso inkakoka anthu, pakuti inkayenda: lero Blantyre, sabata yamawa Zomba, kenako Lilongwe ndi Mzuzu. Ukaphonya lero unkadziwa kuti sewerolo lidzabweranso, ndipo mnzako amene waonera ankakufotokozera mpaka iwe kulumbira kuti ulendo wina sindiphonya. French Cultural Centre ija itatsekedwa mu 2011, boma n'kuwagula, akuba n'kuzula zimene anazula, kukonza n'kumangokokeka chaka ndi chaka, pamodzi ndi mawaya ndi zitseko zija panapitanso chizolowezi chakuti Lamulungu masana pali koti munthu apite.

Chizolowezi chimenechi ndiye mutu wa nkhani. Vidiyo sho imatsegula tsiku lililonse. Simufunika bandulo kuti mudziwe ngati lero kuli kanema. Malo a zaluso amaonetsa pamene ofesi ya kazembe wina yatumiza mafilimu, masiku atatu motsatizana, kenako zii miyezi ingapo. Munthu amene anamva mochedwa alibe podzakonzera. Amene anabwera n'kusangalala alibe tsiku loti auze mnzake kuti tiye. A ku Jacaranda Cultural Centre aonetsa kale ndi nyimbo za Sounds of Malawi kuti chinthu chikamachitika mobwerezabwereza pamalo amodzi anthu amayamba kuchiwerengera. Palibe chifukwa choti kanema asayendere njira yomweyo. Filimu imodzi Loweruka lililonse 2 koloko masana, chaka chonse, mvula kapena dzuwa, ingachite zambiri kuposa chikondwerero cha mafilimu khumi chimene chimabwera kamodzi n'kuzimiririka.

Kenako pali chiyankhulo, ndipo apa ndikudziwa kuti ena mwa anzanga okonda mafilimu akwinya nkhope. Filimu ya Chifalansa yokhala ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi imafuna munthu wotha kuwerenga Chingerezi mothamanga kwa maola awiri, maso akukwera ndi kutsika. Ngakhale ife amene tinakhalitsako m'kalasi timafika potopa. Nanga mayi wogulitsa tomato amene analekezera Sitandade 6? Nkhani ya m'filimuyo angaimve bwino lomwe, mwinanso kuposa ife, pakuti za ukwati wovuta, ngongole ndi ana osamvera sizifuna digiri. Chomutsekera kunja ndi timalemba tija basi.

Amene anathetsa vuto limeneli ndi ma DJ omasulira mafilimu, ndipo analithetsa popanda thandizo la bungwe lililonse. Zolakwa zawo tonse tikuzidziwa. Amanama pomwe sanamve. Amaponya nthabwala pomwe munthu akulira maliro. Mzinda wa ku America amausandutsa Limbe, msilikali wa ku Vietnam n'kumupatsa dzina la mnzawo wa kumpira. Ndipo mafilimu amene amamasulirawo sanapemphe chilolezo kwa eni ake. Komabe luso lilipo: kugwira nkhani ya maola awiri, kudziwa pofunika kulongosola ndi pofunika kukhala chete, kusunga holo yonse kuti wina asatuluke. Si kwathu kokha. Ku Uganda ma VJ omasulira m'Chiganda ndi anthu odziwika, oti ena amasankha filimu potengera amene waimasulira. Ndiye chingalakwike n'chiyani malo a zaluso atapempha chilolezo kwa mwini filimu, n'kuitana DJ mmodzi waluso, kumupatsa filimuyo sabata yathunthu kuti aiphunzire, kukhala naye pansi kuti asanamize anthu, kenako n'kumulipira ngati mmene amalipirira woimba?

Ena ati kumeneko n'kuononga ntchito ya wopanga filimu. Ine ndikuti afunseni opangawo ngati amakonda kuti ntchito yawo ionetsedwe kwa mipando. Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene ambiri amamutcha tate wa kanema wa mu Africa, anayamba ndi kulemba mabuku m'Chifalansa. Anatembenukira ku kanema ataona kuti anthu amene ankawalembawo sangawerenge mabuku ake, ndipo mu 1968 anatulutsa Mandabi m'chiyankhulo cha Chiwolofu. Kanema ankamuona ngati sukulu ya madzulo ya anthu wamba. Komanso palibe akukakamiza kuti tisankhe chimodzi. Lachisanu usiku ionetsedwe mmene ilili kwa ofuna choncho, Loweruka masana ionetsedwe yomasulira. Pakatha miyezi itatu muwerenge mitu.

Pang'ono pokha za khalidwe la m'holo. Mmalawi poonera kanema amayankhula. Amachenjeza wa m'filimu kuti kumbuyo kwako kuli munthu, amaombera m'manja chigawenga chikagwa, amati "eee koma abale" mkazi akapeza kalata m'thumba la mwamuna wake. Kumalo ena a zaluso ukangotsokomola anthu amakuyang'ana ngati waba. Munthu amene wayang'anidwa choncho kamodzi sabweranso. Loweruka masana lija anthu aloledwe kukhala mmene alili, panja pakhale wogulitsa mbuliwuli ndi mafirizesi, ndipo zokambirana za pambuyo pa filimu zichitike m'Chichewa, osati mafunso a Chingerezi chozungulira amene ofunsa ake amangofuna kumveka kuti anawerenga.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi mmene timachitira ndi mafilimu athu omwe. Munthu amavutika zaka, kugulitsa galimoto, kukongola kwa achibale, kupempha ochita sewero kuti adikire malipiro. Filimu ikatha amabwereka holo yapamwamba ya kuhotela. Kapeti yofiira, masuti, madiresi okwekwera pansi, matebulo a makampani, mlendo wolemekezeka amene amafika mochedwa n'kuyankhula nthawi yaitali kuposa gawo loyamba la filimuyo. Tikiti yake ndi yoti mphunzitsi wa pulayimale aganize kawiri. Zimakhala ngati ukwati ndithu: tsiku limodzi, perekaniperekani, zithunzi zambirimbiri, m'mawa mwake holo aisesa. Kusiyana kwake n'kwakuti pambuyo pa ukwati banja limayamba, pomwe pambuyo pa mwambo uwu filimu imabwerera mu laputopu ya mwini wake n'kukagona.

Taonani zimene tili nazo. Mu 2016 filimu ya mayi Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe inapata mphoto ya filimu yopambana ya kum'mwera kwa Africa pa Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Nigeria. Mu 2018 mphoto yomweyo inapita kwa a Shemu Joyah ndi The Road to Sunrise, imenenso inakhala filimu yoyamba imene dziko lino linatumiza kukapikisana ku ma Oscar. Pambuyo pake tinatumizanso Fatsani ya a Gift Sukez Sukali. Ya a Joyah ikukamba za amayi oyendayenda m'makomboni a mu Blantyre. Fatsani ikukamba za mtsikana amene moyo wamukankhira kukagulitsa malonda mumsewu. Tsono funsani m'makomboni momwemo, funsani ana ogulitsa malonda omwewo, ndi angati anadziona okha pa chinsalu chachikulu. Mayina a mafilimuwa anthu amawadziwira m'nyuzipepala ndi pa wailesi. Ngakhale The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya a William Kamkwamba imene a Chiwetel Ejiofor anadzajambulira ku Kasungu konkuno, itatuluka pa Netflix mu 2019, ambiri tinaionera pa timafoni ndi pa malaputopu, aliyense payekha, kenako n'kumakakangana pa Facebook za Chichewa cha ochita sewero. Mkangano umene uja ukanakoma bwanji ukanachitikira m'holo yodzaza, magetsi atangoyatsidwa.

Opanga mafilimu ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zopusa. Usiku umodzi wa matebulo a makampani ndi umene umabweza gawo la ndalama zimene analowetsa. Sindikunena kuti ausiye. Ndikunena za Lolemba lotsatira. Tiyerekeze holo ya mipando 100. Filimu ikaonetsedwa kawiri pa Loweruka, kwa Maloweruka anayi, ndiye kuti pali mipando 800 yoti igulitsidwe pa mtengo wa munthu wamba, ndalama ya pakhomo n'kugawana pakati pa mwini holo ndi mwini filimu. Ikachoka apo ipite ku Madsoc Theatre ku Lilongwe, ku Zomba kumene ophunzira ali mbwee, ku Mzuzu, ku Mangochi, m'maholo a sukulu ndi a mipingo. Ndalama yake siingalemeretse munthu. Koma ndi ndalama imene pakali pano kulibe, ndipo pamwamba pake wopanga filimu amamva ndi makutu ake pomwe anthu aseka, pomwe ayamba kusewera ndi mafoni, pomwe wina wafuula kuti "bodza ilo". Sukulu ya filimu yoposa imeneyo kuno kwathu sindikuiona.

Mantha ena ndi a wobena. Amati filimu ikangoyendayenda, mawa muipeza pamsika. Koma filimu imabedwa ikakhala pa DVD kapena pa intaneti, osati poonetsedwa kuchokera mu laputopu imene mwini wake waigwirizira yekha. Wojambula ndi foni kumbuyo kwa holo amangotenga mitu ya anthu ndi phokoso. Ndipo wobena amalemera pamene anthu akuifuna filimu koma alibe kwina koionera. Kuibisa m'nyumba n'kumusungira msika.

Nawonso oyendetsa malo a zaluso ndiwamvetse. Kuonetsa filimu pagulu kumafuna chilolezo cha mwini wake. Lamulo la zokopera la mu 2016 lilipo, a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, alipo, ndipo malo odziwika sangachite zobisalira ngati chisakasa cha kumsika. Mafilimu ochokera kwa akazembe amabwera chilolezo chitalipiridwa kale, nthawi zina ndi kandalama ka zakumwa pamwamba. Pamene muli ndi lendi, alonda, ndi mafuta a jenereta magetsi akathima, mphatso yotere simungaikane. Sindikufuna kuti aikane. Mafilimu ena abwino kwambiri amene ndinaonapo ndinawaonera pa zikondwerero zoterezi. Koma ndandanda wodzazidwa ndi zokhazo zimene zabwera zaulere ndiye kuti wakonzedwa ndi ena. Malowo amangokhala obwereketsa khoma.

Chikhalirecho pafupi pompa pali mafilimu oti anthu athu angawamve popanda womasulira wambiri. I Am Not a Witch ya mayi Rungano Nyoni a ku Zambia, imene inatuluka mu 2017 n'kupata mphoto ya BAFTA ya ku Britain chaka chotsatira, ili ndi Chinyanja m'kati mwake, ndipo ikukamba za kamtsikana konamiziridwa ufiti. M'dziko limene agogo amathamangitsidwa m'midzi ndi kuphedwa kumene pa nkhani yomweyi, filimu imeneyi ndi yoti anthu sangatuluke m'holo mwakachetechete. Ku Ouagadougou, m'dziko la Burkina Faso, chikondwerero cha FESPACO chakhala chikusonkhanitsa mafilimu a mu Africa kuyambira mu 1969. Ambiri mwa opanga mafilimu amenewo ndi anthu oti mukhoza kuwalembera kalata, kuwauza kuti tili ndi holo yaing'ono ku Malawi ndipo ndalama yathu ndi iyi. Ena akana. Ena avomera, chifukwa nawonso mafilimu awo akugona m'malaputopu.

Pali phindu linanso limene makolo angaliyamikire. Dandaulo lalikulu pa mavidiyo sho lakhala lakuti ana amathawa kusukulu n'kumakaonera zosayenera msinkhu wawo, nthawi zina zolaula zenizeni. Mafumu ndi makomiti a sukulu alimbana nazo, kutseka apa, kwina n'kutseguka. Mwana sungamuletse kufuna kanema. Koma Loweruka m'mawa, pamalo odziwika, filimu yoti yaunikidwa kuti ndi ya ana, mtengo wa kandalama kochepa, kholo likhoza kumuperekeza kapena kumutuma ndi mkulu wake mtima uli m'malo. Ana amenewo ndiwo adzagule matikiti a akulu zaka khumi zikubwerazi.

Ntchito ina ndi ya a Film Association of Malawi, ndipo si yofuna ndalama zambiri. Pakhale kaundula wa mafilimu a Chimalawi: mwini wake ndani, kope labwino lili kuti, amalola kuonetsa pa mgwirizano wotani. Lero mphunzitsi wa ku Karonga kapena wansembe wa ku Nsanje amene ali ndi holo ndi pulojekita, akafuna kuonetsa filimu ya kwathu mwachilungamo, ayambira pati? Amayamba kufunsa uyu ndi uyu nambala ya foni, akatopa n'kupita kwa wobena. Filimu yoyamba ya a Joyah, Seasons of a Life, inatuluka zaka zoposa 15 zapitazo. Pali achinyamata amene akuphunzira za mafilimu m'makoleji lero amene nthawi imeneyo anali asanayambe sukulu, ndipo ma DVD a nthawi imeneyo ambiri anakalika kale moti sawerengekanso.